Chala cha Hilario pa Dooko la Chiromo

Bwato la Hilario linali lokalamba kuposa ukwati wake. Pa dooko la Chiromo, pamene anthu amawolokera Shire, aliyense ankalidziwa ndi zigamba zake: apa kachidutswa ka lata, apo phula, kumbuyo nsanza yotsekera mng'alu. Wokhala kutsogolo ankapatsidwa chigubu chodula kuti azikapa madzi, mpaka anthu ankaseka kuti kwa Hilario umalipira kuti ugwire ganyu. Koma tsopano kusekako kunali kutachepa. Chigwirireni ng'ona mbuzi pafupi ndi dookolo, azimayi a mitolo ya mbatata anayamba kudikira mabwato ena, ngakhale dzuwa la kuchigwa liwawambe chotani.

Ndiye kunamveka kuti a Saulos, mkulu amene anapalasa pamenepo zaka makumi atatu, akugulitsa bwato lawo la mtondo chifukwa msana wawakana. Mtengo wake unali K450,000.

"Hilario, mwananga, ndikanakonda bwatoli likhale lako," anatero a Saulos. "Koma Sebastiano wa ku Makhanga akubwera Lamulungu dzuwa likamapendeka, kobiri zili m'manja. Wofika nazo poyamba ndiye mwini wake."

Hilario analibe ndalama yoteroyo. Chimene anali nacho, ndipo ankanyadira nacho, chinali lamulo lake pa nkhani ya kubetcha mpira. Loweruka lililonse ankaika K1,000 pafoni, osapitirira. Tikiti ikafa ankangoti "zaterotu," n'kubwerera ku nkhafi yake. Anzake ena anagulitsa njinga pofuna kubweza zimene analuza, iye ayi. Ankati munthu wobetcha amafunika mtima wozizira. Zoona, pa kuluza anali katswiri, popeza zaka ziwiri zinamuphunzitsa bwino. Kungoti panalibe tsiku limene kupambana kunamuyesapo.

Loweruka la sabata imeneyo anasankha masewero khumi ndi awiri a ku Ulaya, matimu a m'mizinda imene sadzaipondako. Pofika madzulo, khumi ndi amodzi anali atayenda monga analosera. Anatsala amodzi okha, a Lamulungu masana. Timu yake ya malaya ofiira ikapambana, alandira K1,200,000.

M'mawa wa Lamulungu, pansi pa tikitiyo panatulukira batani lobiriwira. Kampani yobetchetsa inali kunena kuti ngati akufuna kusiyira pomwepo, asadikire masewero otsiriza, adine batanilo alandire K480,000 nthawi yomweyo. Obetcha amati kashiauti.

Anathamanga nayo foni kwa mkazi wake Evelesi, amene ankakazinga nsomba za makakana pansi pa mtengo pa dooko pomwepo.

"Zimenezi zikutanthauza kuti ndi zathu?" anafunsa Evelesi, akupukuta manja pachitenje.

"Ndikadina, ndi zathu."

"Nanga mukudikira ninji, bambo a Priska? Bwato ndi ilo, a Saulos ndi awo. Dinani tikawapatse asanapite kutchalitchi."

Chala cha Hilario chinanyamuka ndithu. Koma pafupi pomwepo panali Macdonald, mnyamata wamkulu wotumizitsa ndalama pafoni pansi pa ambulera, amene ankadziwa dzina la wosewera aliyense ngakhale sanapatepo kanthu pa kubetcha.

"Akulu, imani kaye!" anakuwa Macdonald. "Munaonapo kampani ikupatsa munthu ndalama mwaulere? Anthuwa achita mantha. Akudziwa kuti ofiira apambana, ndiye akufuna akuguleni motchipa. Mukadina mwawasiyira K720,000 yanuyanu."

Mawu akuti "yanuyanu" anamulowa Hilario mpaka m'mafupa. Kufikira pamenepo ankaona ngati akupatsidwa. Tsopano anayamba kuona ngati akulandidwa. Anayang'ana mkazi wake, anayang'ana Macdonald, ndipo onse awiri ankaoneka kuti akunena zoona.

"Ndiganize kaye," anatero.

Tsiku limenelo anawolotsa anthu mutu uli kwina. Popita tsidya lina ankagula bwato la a Saulos, mtima n'kukhala pansi. Pobwerera ankawonjezapo malata a nyumba ndi ng'ombe yaikazi, ndipo bwato lokhalo linkaoneka laling'ono ngati mtondo wosinjira. Mayi wina anachita kumukumbutsa kuti wapitirira pamene amatsitsira anthu. Aliyense wokwera anafunsidwa maganizo ake. Wina anati tenga, wina anati mwamuna sathawa nkhondo isanayambe, wina anati kubetcha ndi tchimo koma akapambana amukumbuke. Hilario anafika masana ali wosokonezeka kuposa m'mawa.

Mpira unayamba. Pasanathe mphindi makumi awiri ofiira anagoletsa, ndipo batani lija linasintha: K790,000.

"Mwaona?" anatero Macdonald akuvina pansi pa ambulera. "Mukanamvera alamu bwenzi mukulira pano."

Evelesi anasiya nsomba pamoto. Sanakweze mawu.

"Bambo a Priska, ndagwira mwendo wanu. Bwato lakwana, malata akwana. Mulungu akupatseninso chiyani?"

"Ingofika K800,000 ndidina, mayi a Priska. Yatsala pang'ono."

Chimene K10,000 imeneyo inali nacho choposa zinazo, ngakhale Hilario mwini wake sakanatha kufotokoza. Anangofuna nambala yooneka bwino. Ali chiyang'anire, anthu asanu ochokera kumaliro anafika pa dooko, akufulumira kuti awoloke mphepo ya madzulo isanakule. Mabwato ena onse anali tsidya lina. Hilario, amene masiku amenewo okwera ankamusowa, sakanawakana. Anakulunga foni mu jumbo ya shuga monga ankachitira nthawi zonse kuopa madzi, n'kuipisa m'thumba la malaya.

"Ndikadinira kutsidya," anauza mkazi wake.

Pakati pa Shire munthu sasiya nkhafi kuti aone foni, makamaka m'bwato lothonya. Mphepo inali itayamba, madzi akulowa pa mng'alu uja, wokapa akudandaula. Foni inanjenjemera pachifuwa kamodzi, kenako kawiri. Hilario anapalasa ngati akuthawa mvuu.

Atafika kutsidya anamasula jumbo. Timu inayo inali itabweza chigoli, ndipo wosewera mmodzi wa ofiira anali atatulutsidwa m'bwalo. Batani linati K260,000.

Apa ndiye mutu unaima. Ndalama imeneyo inali yoposa imene ankapeza miyezi iwiri ya kupalasa. Akanaitenga, kapena a Saulos akanamumvera chisoni n'kumudikira pa yotsalayo. Koma Hilario sanaone K260,000 imene inalipo. Anaona K530,000 imene inachoka ali pamadzi, ndipo anapsa mtima ngati wina wamupisa m'thumba. Anati adikire ibwerere pamene inali. Ingobwerera pa mtengo wa bwato, basi, adina osafunsa munthu.

Anakhala pamchenga wotentha, okwera akumuitana iye osamva. Nambala inatsika, inakwerako pang'ono, inatsikanso. Kenako batani linatuwa, losadinika. Pamene linkabwerera, ofiira anali atamwetsedwa chachiwiri, ndipo kampani inali kupereka K18,000. Hilario anaseka yekha, kuseka kopanda chimwemwe. Imeneyonso sanaitenge. Wosewetsa mpira ataimba wezulo yomaliza, batani linazimiririka.

Anabwerera ku Chiromo bwato lili lopanda munthu, akupalasa ndi kukapa yekha. Pa dooko anapeza Sebastiano wa ku Makhanga akugogoda m'mbali mwa bwato la mtondo lija, kumvetsera kulimba kwake. A Saulos anamuyang'ana Hilario kamodzi, n'kuyang'ana kumbali.

"Musadandaule, akulu," anatero Macdonald akupinda ambulera yake. "Mukaganiza bwino, mwangoluza K1,000 yokha. Lamulo lanu lija simunaliphwanye."

"Nkhabe, ayi!" anayankha Evelesi, misozi ili m'maso. "K1,000 imawolotsa anthu? Taluza bwato, Macdonald. Linali m'manja kuyambira m'mawa."

Hilario anaima pakati pawo, foni ili m'dzanja. Anayesa kuwerengera chimene wataya, koma yankho linkasinthasintha. Mwina inali K1,000, pakuti ndi yokhayo imene inatuluka m'thumba mwake. Mwina inali K790,000, mwina miliyoni yonse ija ndi ng'ombe yake yomwe. Nanga munthu angataye bwanji chinthu chimene sanachigwire? Ndipo ngati sanachigwire, n'chifukwa chiyani pamtima pankapweteka chonchi? Evelesi anasenza beseni lake la nsomba n'kutsogola kunyumba.

Lolemba m'mawa azimayi a mbatata anafika pa dooko monga mwa masiku onse. Anamupatsa moni Hilario mwaulemu, anafunsa za kunyumba, n'kudutsa kukakwera bwato la Sebastiano. Iye anatsala atagwada mu lake, akukankhira nsanza yatsopano mu mng'alu ndi chala chomwe chija chimene chinakana kudina. Akuluakulu sananame pamene anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo.