Nzama Imodzi Yotsala

Chaka chimenecho njala inafika poti nyama zinasiya ndi kulira komwe. Wina akafa, anzake ankangomulambalala.

Tsiku lina nyama zisanu ndi zinayi zinapeza mtsuko wa nzama pabwinja la anthu. Kale zikanamenyana, koma mphamvu zake zikanachokera kuti? Njati anangoti, "Tigawane mofanana. Pasapezeke wodya mpaka zitakwanirana ndendende, osatsala kanthu."

Gologolo, kamnyamata kochenjera pamanja, anadzipereka kuwerenga. Anapeza nzama chikwi chimodzi ndi khumi. Anameza imodzi mwakabisira, zinatsala chikwi ndi zisanu ndi zinayi. Nambala imeneyi ankaidziwa kuti ndi yamakani. Sigawika kwa awiri, kwa atatu, ngakhale kwa makumi angati. Imangolola mmodzi kutenga zonse, apo ayi khamu lochuluka ngati nzamazo, aliyense kamodzi kake. "Ndingopirira," anatero mumtima. "Mmodziyo ndidzakhala ine."

Anaunjika milu isanu ndi inayi.

"Pepani akuluakulu, yatsala imodzi."

"Itaye," anatero Nguluwe.

"Kutaya chakudya chaka chino? Mizimu itiona bwanji?"

"Ndiye idya iweyo."

"Ine, kamwana ngati ine, ndiphwanye lamulo la a Njati? Tiyesenso mawa."

M'mawa mwake Mbawala sanadzuke. Gologolo anaunjika milu isanu ndi itatu.

"Ha! Yatsalanso imodzi."

Nungu anangonyamuka osatsanzika, ndipo sanaonekenso. Milu isanu ndi iwiri, imodzi inatsala. Isanu ndi umodzi, chimodzimodzi. Kenako awiri anagona tsiku limodzi osadzukanso, mmodzi mwa iwo Njati mwini lamulo. Lamulolo linatsala, poti panalibe wa mphamvu zolichotsa. Chimene chimandiwawa n'chakuti palibe anakwiya. Ankangoyang'ana miluyo ngati akuyang'ana miyala.

Milu inayi. Milu itatu. Potsiriza anatsala Gologolo ndi Nyani, nkhalamba yosalankhulalankhula, nthiti zili pamtunda.

"Agogo, taonani tsoka lathu. Milu iwiri, yatsalanso imodzi."

Nyani anayang'ana nzamayo, n'kufunsa:

"Kodi mwanawe, zimenezi zimagawika kwa angati?"

Apa Gologolo akanangokhala chete. Koma wochenjera akasowa womuyamikira, pakamwa pamayabwa.

"Kwa mmodzi basi, agogo! Ndinazipima ndekha. Awiri ayi, atatu ayi, ngakhale mutayesa mpaka mvula idzagwe."

"Kwa mmodzi," anabwereza Nyani.

Sanakalipe. Anangomugwira mchira, n'kumuponya kutsidya kwa chigwembe monga mmene munthu amatayira chitsononkho. Kenako anaphatikiza milu iwiri ija, n'kuikapo yotsala ija, n'kuyamba kutafuna pang'onopang'ono, osamva n'kukoma komwe.

Gologolo anakwawira mumtengo wouma, mwendo ukukoka. Kuchokera pamenepo anawerenga nzama iliyonse ikulowa m'kamwa mwa Nyani, mpaka yomaliza. Sipanatsale kanthu.

Masamu anawakhoza ndithu. Kungoti mmodziyo sanali iye.