Gogo wa pansi pa benchi

Wometa wa pafupi ndi siteji ya basi ankadzitama kuti bwana wake ndi dzuwa, ndipo bwanayo sadula munthu magetsi. Pamalata panali sola imodzi yaing'ono ngati chitseko cha kabati, pakhoma kabokosi kowongolera moto ndi inveta yosintha motowo kuti uyendetse makina, pansi pa benchi ya makasitomala batire lakale la lole limene analitcha Gogo. Ndi Gogoyu amene anatsegula naye shopu, ndipo ankamutchula mwaulemu kuposa mmene ankatchulira apongozi.

Chaka chachinayi makina ometera anayamba kuodzera. Dzuwa likangopendeka, inveta inkalira ngati mwanapiye wosochera, makina n'kumatafuna tsitsi m'malo modula. Wometa anayamba ndi kuimba mlandu mitambo. Mitambo itachoka anakwera padenga n'kupukuta fumbi ndi zitosi za nkhunda. Anachotsa mawaya owonda n'kuika onenepa, natsuka ndi madzi otentha zoyera zimene zinamera pamitu ya batire. Zonsezi zinali nzeru ndithu, ndipo zinathandiza masiku awiri. Wodwala weniweni yekha ndi amene sankamuganizira.

Mlamu wake, wokonza mawailesi, anabwera ndi kachida koyezera moto. Atayeza masana, batire linaoneka lokhuta. Atangoyatsa makina, manambala anagwa ngati woledzera panjinga. Mlamuyo anati sola ilibe mlandu, koma Gogo sakusunganso moto, agule latsopano ndipo lakalelo lipume.

Kugula anagula, lonyezimira, la zogwirira zake. Kupumitsa Gogo ndiye kunavuta. Wometa anawayang'ana onse awiri ali pansi, n'kuganiza kuti munthu wanzeru sataya nkhokwe chifukwa wamanga ina. Anatenga mawaya, wofiira kwa wofiira, wakuda kwa wakuda, n'kuwalumikiza pamodzi. Mlamu atadutsa madzulo ake anasuzumira pansi pa benchi, napukusa mutu.

"Alamu, apa mwamangirira wamoyo kwa wakufa. Latsopanoli lizigwira ntchito ziwiri, kumeta anthu anu ndi kudyetsa nkhalamba yosakhuta."

Anafotokoza bwinobwino kuti mabatire akalumikizidwa chonchi amagawana moto mpaka afanane, kuti kasola kamodziko sikangakhutitse onse awiri, ndiponso kuti batire logona ndi njala tsiku ndi tsiku silichedwa kutha.

"Inu alamu," anayankha wometa akusesa tsitsi, "wailesi yanga ili kwanu chaka chachiwiri, sinanenepo ngakhale moni. Lero mwasanduka dokotala wa mabatire? Ng'ombe yaing'ono imaphunzira goli pambali pa yaikulu."

Mlamu anaseka, nanyamula kachida kake. Wokana kumva sumukoka khutu ali ndi ndevu.

Masabata oyamba zinthu zinayenda, ndipo palibe chimene chimapusitsa munthu ngati cholakwa chimene chayamba bwino. Wometa anaonjezera sipika pakhomo, nayamba kutchajira anthu mafoni. Mlamu akamadutsa, ankakweza nyimbo dala. Mwezi wachitatu inveta inayambanso kulira, koma iye ankangoti ndi chimfine cha nyengo.

Tsiku lina Loweruka m'mawa, kutachita mitambo masiku awiri, pampando panakhala mphunzitsi wamkulu, kasitomala wa zaka zonsezi, amene masana omwewo ankayenera kukaima pamaso pa makolo a ana asukulu. Benchi inali yodzaza. Wometa analowetsa makina kuyambira pachipumi, natsegula msewu wabwino mpaka paliwombo. Pomwepo makina anakhosomola, n'kukhala chete.

Anagwedeza mawaya. Anazimitsa sipika, nazula mafoni onse. Anamenya inveta kambama kaulemu. Kenaka anatenga sizasi n'kunena kuti masiku ano mametedwe a manja ndi amene ali m'fasho. Mphunzitsi anadziyang'ana pagalasi nthawi yaitali. Sanakalipe. Anavula nsalu pakhosi, naipinda bwino, nawoloka msewu osavala chipewa kupita kwa wometa wa tsidya lina, anthu apasiteji akumuperekeza ndi maso. A pabenchi nawonso anayamba kukumbukira mmodzimmodzi kuti ali ndi kopita, ndipo onse kopita kwawo kunali tsidya lomwelo.

Masana wometa anamasula Gogo ndi manja ake, naitanitsa mlamu kuti adzaone latsopano lili lokha. Analisiya pasola masiku atatu kuti likhute. Atayatsa makina, manambala a pakachida ka mlamu anatsika mosachita manyazi.

"Silingadzuke, alamu?"

"Likanadzuka mukanalilekanitsa mwezi woyamba. Panopa ndi agogo awiri."

Atapita kukalibweza, wogulitsa mabatire atamva mmene linalumikizidwira, anangoloza chitseko. Wometa anakweza onse awiri panjinga kupita kwa wogula zitsulo zakutha, amene anawaika pasikelo imodzi osafunsa kuti wamng'ono ndi uti.

Akuluakulu sanali odziwa za sola, koma ananena kale: nsomba ikaola imodzi, zonse zaola.