Tabo Inafera Pamwamba pa Chitunda

Panali munthu wina ku Chigwa cha Shire amene anali ndi kagalimoto kakang'ono kokwera anthu asanu. Ntchito yake inali yonyamula anthu ndi timitolo tawo kukwera nawo mapiri kupita m'tauni. Banja lake lonse linkadyera pa kagalimotoko.

Pachidikha kankathamanga bwino ndithu. Vuto linali chitunda. Kakafika pamakhota a chitundacho kankalira ngati mbuzi yomangidwa, ndipo pena mwini wake ankachita kupempha amuna awiri kuti atsike, ayambe ayenda pansi. Anthu anatopa nazo. Pasiteji ankangomulambalala n'kukakwera za anzake, iye n'kutsala akuyasamula.

Tsiku lina anamva za chipangizo chotchedwa tabo, chimene chimakankhira mpweya wambiri mu injini yaing'ono kuti izikoka ngati yaikulu. Sanagone nazo maganizo. Anagulitsa mbuzi zonse za m'khola, naitanitsa chipangizocho pamodzi ndi mapaipi ake, n'kupita nazo kwa makaniko wina wachikulire, a Makwinja.

A Makwinja anagwira ntchito masiku atatu. Anamasula ekizozi, paipi yotulutsa utsi, anaboola njira ya oyilo, analumikiza mapaipi. Atatseka boneti sanapereke kiyi msanga.

"Achimwene," anatero, "chinthu ichi chimazungulira ndi utsi wamoto. Mukamakwera chitunda chimapsa mpaka kufiira. Chochiziziritsa ndi oyilo, ndipo oyilo amayenda pokhapokha injini ikamalira. Ndiye mukafika pamwamba musazimitse. Isiyeni ilire pang'onopang'ono, mphindi ziwiri kapena zitatu."

"Zochepa zimenezo, amisiri," anayankha munthu uja. "Ndamva."

Anamvadi. Koma kumva ndi khutu n'kwina, kumva ndi dzanja n'kwinanso.

M'mawa mwake kagalimoto kaja kanakwera chitunda chonse kosatsitsa munthu. Kanapitirira minibasi ziwiri pamakhota pomwe paja. Pasanathe sabata anthu anayamba kukanganirana mpando wakutsogolo, ndipo kunyumba kwake ndiwo zinasintha.

Tsono msewu umenewo ukafika pamwamba umatsetsereka pang'onopang'ono mpaka pasiteji ya m'tauni. Madalaivala a kumeneko ali ndi kachitidwe kawo. Akangomaliza chitunda amachotsa giya n'kuzimitsa injini, galimoto izingoyenda yokha, petulo asapite pachabe. Munthu uja anachita zimenezi zaka khumi, ndipo ankazitcha nzeru.

Sabata yoyamba anasunga mawu a makaniko. Koma zinkamuwawa. Anzake akutsetsereka mwakachetechete, yake ikulira, ikumwa petulo popanda chokoka. Tsiku lina atafika pamwamba anati mumtima, "Ntchito yatha kale, nanga chikudyeranji?" Anatambasula dzanja n'kupotokola kiyi.

Palibe chinachitika. Galimoto inatsetsereka bwinobwino mpaka pasiteji, pobwerera inalira bwino ngati masiku onse. Iye anaseka, nati anthu achikulire amakonda kuopseza. Mawa lake anazimitsanso, mkuja wakenso, kenaka anasiya n'kuganizako komwe.

Patapita miyezi iwiri kulira kwa injini kunasintha, kumbuyo kukutuluka utsi wotuwa. Anati ndi petulo woipa. Tsiku lina masana, dzuwa lili paliwombo, galimoto itadzaza, pakati penipeni pa chitunda panamveka phokoso la zitsulo, gwejede! Basi, zii. Anthu anatsika, nasenza timitolo tawo, n'kuimika minibasi. Kagalimoto kaja kanakafika kwa a Makwinja kokokedwa ndi chingwe.

A Makwinja anamasula tabo ija n'kuiika pansi. Mkati munali bii, oyilo atapserera n'kuuma ngati makala. Timapiko take tozungulira tinali titathyoka, ndipo tizidutswa tinalowa mu injini n'kuiwononga nayonso.

"Ndiye kuti chitunda chaipha?" anafunsa munthu uja.

"Ayi, achimwene. Chitunda inali ntchito yake, ndipo imaigwira. Iyi inafera pamwamba. Tsiku lililonse mumaimana oyilo ikadali moto."

Munthu uja anagwidwa ndi manyazi, pakuti panalibe woti amuloze chala. Kagalimoto kaja anakakhazika pamiyala kuseri kwa galaja. Iye lero ali pasiteji pomwe paja, akuitanira anthu m'magalimoto a anzake.

Tsono inu anyamata ndi atsikana amene mwangoyamba kumene ntchito, ndikunena ndi inu. Palibe mwa inu anakwera yekha. Alipo amene anapsa kuti mufike pamene mulipo: mwina ndi mlongo wanu amene anasiya sukulu kuti inu mupitirize, mwina ndi amalume amene anakusungani ana awo akugona pansi. Nthawi imene inu mwayamba kupuma ndi imene iye watopa kwambiri. Mukamuiwala mwezi woyamba sadzadandaula. Wachiwirinso adzakuyankhani kuti ali bwino, inu n'kuyesa kuti palibe chalakwika. Za zimene zikupserera mkati mwake sadzakuuzani. Mupite mukamuone sabata inoyi.