Nagama ndi Nkhokwe za Chikokota

Kalekale, m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri, munagwa njala. Mvula inakana. Chaka chinatha, inakananso. Mbewu zimene anthu anasunga kuti adzadzale anazikazinga n'kudya. Ngakhale mbewa zinasamuka m'minda!

M'mudzimo munali mayi wina wamasiye, dzina lake Nagama. Anali ndi mwana mmodzi wamkazi, Mwandida, komanso mlongo wake, Sankhulani. Nagama sanali wachuma. Koma munthu akamufunsa dzina, ankalitchula momveka, ngati akuimba ng'oma pabwalo.

Tsidya lina la mtsinje kunali munthu wolemera, Chikokota. Minda yake inali m'dambo losauma, ndipo nkhokwe zake zinali ndandanda, zodzaza mapira mpaka kudenga. Anthu anati, "Tiyeni kwa Chikokota tisanafe." Anawoloka mtsinje mudzi wonse, ana kumsana.

Anamupeza atakhala pachipata, akutokosa m'mano.

"Chakudya chilipo," anatero Chikokota. "Koma kuno kuli lamulo. Wodya changa ndi wanga. Dzina lako ulisiye pachipata pano, ine ndikupatsa lina."

Anthu anayang'anana. Koma njala, ana inu, ilibe manyazi. Mkulu wina anasendera.

"Dzina lako?"

"Zuze."

"Zuze watha. Ndiwe Mtondo. Lowa!"

Mayi wina anasendera.

"Dzina lako?"

"Nangozo."

"Nangozo watha. Ndiwe Lichero. Lowa!"

Wina anakhala Mphika, wina Chipande, wina Mphasa. Sankhulani anakhala Mpini. Onse analowa atazolika. Potsiriza anafika Nagama, atagwira Mwandida padzanja.

"Dzina lako?"

"Ndine Nagama, mwana wa a Gama."

"Nagama watha. Ndiwe..."

"Sanathe, bambo. Ndi uyu waima pamaso panuyu. Ndipatseni ntchito. Ndisinja, nditunga madzi, ndilima mpaka manja atuluke matuza. Thukuta langa tengani, koma dzina langa ayi."

Chikokota anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye kadye dzinalo!"

Sankhulani anasuzumira kumpanda. "Mlongo wanga, lowa! Dzina likhutitsa ndani?"

"Achimwene," anayankha Nagama, "amene anandipatsa dzinali ali kumanda. Ndikalitaya ndikalipemphanso kwa yani?"

Anatembenuka, n'kukamanga kamsasa m'mbali mwa mtsinje. Ankakumba mpama kuthengo. Mpama, ana inu, ndi chilazi cham'tchire choledzeretsa. Umayenera kuuphika, kutaya madzi, kuuphikanso, kutayanso madzi, apo ayi umakugwetsa. Anaphika, anataya madzi. Anaphika, anataya madzi. Anatola matowo, anatola bwemba. Iye anapirira, koma Mwandida anayamba kuwonda. Tsitsi linafiira. Timiyendo tinangotsala ngati bango.

Tsiku lina mwanayo analephera kudzuka. Nagama anamubereka, ulendo kuchipata.

"Wabwera?" anatero Chikokota. "Dzina lako?"

"Ndine Nagama, mwana wa a Gama. Sindikupempha zanga. Mupatseni mwanayu phala."

"Mwanayo alowe. Akhala Chikho."

Apa mtima wa Nagama unagawanika. Fungo la phala linali kutuluka kumpanda. Anamasula nsalu, anamutsitsa mwana, anamuimika pachipata. Pakamwa panali patatsala pang'ono kunena kuti, "Mtengeni."

Mwandida anagwira nsalu ya amake. "Amayi, ndikakhala Chikho, inu muzindiitana kuti chiyani?"

Nagama anagwada, n'kumuyang'ana mwana m'maso.

"Ndizikuitana Mwandida, mpaka tsiku limene adzandifotsere. Koma njala ndi yako, mwanangu. Ukafuna kulowa, lowa. Sindikukwiyira."

Mwana anayang'ana kumpanda. Anaona malume ake akuthamanga ndi mtolo wa nkhuni, wina akukuwa, "Mpini! Fulumira, Mpini!" Mwandida anakweza manja kwa amake.

"Ndiberekeni, amayi."

Nagama anamubereka. Tsiku limenelo sanabwerere kumsasa chimanjamanja. Anatsika ndi mtsinje mpaka anapeza thamanda limene linali kuphwa, nalowa m'matope mpaka m'chiuno, n'kugwira milamba ndi manja. Msuzi wa milambayo ndiwo unamudzutsa Mwandida.

Tsono kumpanda kuja zinthu zinali motere: aliyense wotchula dzina lake lakale ankagona ndi njala. Anthu anasiya kulitchula. Atasiya kulitchula anasiya kulimva. Atasiya kulimva analiiwala.

Koma Chikokota mtima sunakhale pansi. Anthu onsewo anali ake, koma mayi mmodzi wowonda wa m'mbali mwa mtsinje ankamubaya ngati munga wa m'phazi. M'mawa wina anavala nsalu yake yabwino, anapita yekha kumsasa. Anamupeza Nagama akutsuka mpama.

"Mayi," anatero mofatsa, "ndinakulakwirani. Inu si woyenera kukhala Mphika kapena Mphasa. Bwerani mukhale mkazi wanga. Nkhokwe zonse zikhala m'manja mwanu. Ndipo dzina ndakusankhirani lokoma. Muzitchedwa Mfumukazi."

Nagama anapukuta manja, anaimirira. Nthiti zinali kuonekera, koma anaima njo, ngati mtengo wa mlombwa.

"Bambo, mbuzi mukaimanga ndi chingwe cha mikanda, yamasuka?"

Chikokota asanayankhe, Nagama anapitiriza.

"Mwandipatsa dzina lonyoza, ndakana. Mwandipatsa lokoma, ndikukananso. Onsewo ndi anu. Ine ndine Nagama, mwana wa a Gama. Pitani bwino."

Chikokota anabwerera akupukusa mutu.

Kenaka mitambo inada kuphiri. Mphezi inang'anima, ndipo mvula inagwa. Inagwa, inagwa, nthaka inanunkhira, ngumbi zinatuluka m'zulu. Nagama anati, "Mwandida, tiye tikatenge malume ako. Tikupita kwathu."

Anawapeza anthu onse akulima m'munda wa Chikokota.

"Achimwene a Sankhulani!"

Palibe anatembenuka.

"A Sankhulani!"

Khasu linangopitiriza, go, go, go. Mlongo wake weniweni anamudutsa ngati mlendo.

Nagama anakwera pachulu. Anakoka mpweya, n'kufuula mawu amene anamveka mpaka kutsidya.

"Sankhulani! Gama iwe! Mwana wa Nachisale! Iwe unabadwa chaka cha dzombe! Iwe unathyoka dzino utagwa mumtengo wa masuku, amayi n'kukubereka ukulira mpaka kumudzi! Sankhulani, tukula maso!"

Khasu linagwa pansi. Munthu uja anaweramuka pang'onopang'ono. Anapisa chala m'kamwa, anakhudza dzino lothyoka lija. Misozi inatsika.

"Ndine," anatero. "Ogo! Ndine Sankhulani!"

Pamenepo makasu onse anaima. Mayi wina anathamangira kuchulu. "Nanga ine? Nanga ine ndine yani?"

"Inu ndinu a Nangozo, oumba mbiya zosadontha!"

"Nanga ine?"

"Inu ndinu a Zuze, amene munapha nguluwe ndi mpini wa nkhwangwa!"

Anawatchula mmodzimmodzi, yense ndi bambo ake, yense ndi mbiri yake. Amayi analulutira. Abambo anavina ndi matope kumapazi.

Wina anafunsa, "Koma kumudziko tikadya chiyani?"

"Bowa wamera, ngumbi zatuluka," anatero Nagama. "Mbewu tikapempha kwa abale kuseri kwa phiri. Ine ndakhala moyo ndi mpama. Inu mulephera?"

Sindikunamizani, ana inu, si onse anapita. Amene ankatchedwa Mphika uja anati, "Ine kuno ndazolowera," n'kutolanso khasu lake. Nagama sanamukoke. Koma ena onse ananyamuka, Nagama patsogolo, Mwandida ali paphewa pa malume ake.

Chikokota anatuluka akuthamanga, nsalu ikukwekwereka.

"Mtondo! Bwerera! Lichero! Chipande! Mphasa!"

Mtondo unali pomwepo pabwalo. Lichero linali pakhonde. Chipande chinali patsindwi, mphasa ili chiimire kukhoma. Zonse zinalipo. Koma palibe chinayankha.

Anthu anawoloka mtsinje madzi ali m'mawondo, akuitanana mayina mokweza ngati ana, ena popanda n'chifukwa chomwe, kungofuna kumva mnzawo akuti, "Wawa!"

Basi, ana inu, nthano yanga yapsa, ndaiphula. Mimba imakhuta lero n'kuiwala mawa, koma wogulitsa umwini wake amakhala ndi njala moyo wake wonse.