Miyendo Yobwereka ya Bambo Buleki

Pa sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto ija panalibe amene ankawatchula dzina lawo lenileni. Onse ankangoti Bambo Buleki, poti ndiwo mawu amene ankatuluka pakamwa pawo kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Zaka khumi ndi zisanu anazithera pampando wa pambali, mtima uli m'mwamba, moyo wawo uli m'manja mwa anthu osasiyanitsa giya ndi handibuleki. Khosi linauma gwa, tulo tinathawa, ndipo mkwiyo unkafufuma msanga ngati mkaka pamoto.

Ophunzira awiri atatsika m'galimoto akulira mwezi umodzi womwewo, mwini sukulu anaitanira a Buleki mu ofesi.

"Achimwene, wachitatu akangodandaula, mutule makiyi. Sindibwerezanso."

Kuchipatala adokotala anawayeza uku ndi uku, kenako anavula magalasi. "Bambo, matenda anu ndi nkhawa, ndipo mankhwala ake ali m'miyendo mwanumo. Muziyenda ndawala ola limodzi tsiku lililonse, thukuta lizichita kutuluka."

Mwana wawo wamkazi anawagulira wotchi yowerenga mtunda umene munthu wayenda, manambala ake n'kumaonekera pa foni ya mayi a m'nyumba. A Buleki anayenda masiku awiri. Tsiku lachitatu munthu wina amene anamuphunzitsa okha anaimitsa galimoto pambali pawo n'kutsitsa galasi.

"Aphunzitsi, yawonongeka kodi? Kwerani ndikusiyeni."

Manyazi anawagwira mpaka kuzala. Katswiri wa chiwongolero n'kumapuntha fumbi ngati walandidwa laisensi? Ayi ndithu.

Nzeru inabwera msanga, monga zimachitira nzeru zopusa. Pakhomopo pankakhala mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, amene chimuthereni ntchito ankangokhalira kusinza pa sofa, nkhope ili ndwii. Anapangana mwakachetechete. M'mawa ankatulukira limodzi pageti, akangokhota pakona wotchi inkasintha mkono. Mlamu ankayamba ulendo, a Buleki n'kulowa m'galimoto imene ankaisiya pakonapo, kugoneka mpando, kumamvera wailesi mpaka wotchi itabwerera.

"Abambo, dzulo mwayenda makilomita asanu ndi awiri!" ankatero mayi akuonetsa foni kwa aliyense wobwera kudzacheza. A Buleki ankangogwedeza mutu modzichepetsa, uku akusisita mawondo amene sanapite kulikonse.

Patatha miyezi itatu mankhwala anayamba kugwira, koma anagwira mlamu. Mimba inaphwa, chakudya chinayamba kumukomera, kubafa ankaimba mluzu. A Buleki ankamuyang'ana ndi diso la nsanje, khosi lawo likadali gwa.

Tsiku lowawa linafika Lachinayi lina masana. Wophunzira anali mayi wachikulire, namwino wopuma pantchito, wofatsa koma wosaopa munthu. Ali kutali kunja kwa tauni, injini inawazimira kachitatu pachitunda chimodzimodzi. A Buleki anaphulika.

"Mayi inu! Kodi miyendo imeneyi ndi yanu kapena munachita kubwereka? Tsikani, ndiyendetse ndekha!"

Anatuluka n'kumenyetsa chitseko. Mayi aja sanalire. Anakoka handibuleki bwinobwino monga anaphunzitsidwira, anatsika, anakhoma zitseko zonse, makiyi n'kuponya m'chikwama. Basi inali ikubwera, ndipo anaiimitsa.

"Makiyi mukawapeza kwa abwana anu, bambo."

Foni ndi chikwama cha a Buleki zinatsala m'kati, zikuwayang'ana pagalasi. Panalibe mlamu woti awayendere. Anayamba ulendo wapansi.

Poyamba anayenda akutukwana: mayi aja, chitunda chija, adokotala, ngakhale amene anapanga injini. Thukuta litanyowetsa malaya, mawu otukwana anawathera. Mapewa anatsika okha. Anadabwa kuona kuti msewu umene anaudutsa zaka zonsezi uli ndi mitengo yamthunzi mbali zonse, iwo ankangoona zikwangwani basi. Pofika pa mlatho anakumbukira funso limene iwo anafunsa mayi aja, la miyendo yobwereka, ndipo anaseka okha mpaka kugwira mawondo. Munthu wina wa njinga anawapatukira patali, kuganiza kuti mutu sukuyenda bwino.

Atatha maola awiri analowa mu ofesi mapazi akuyaka, koma mtima uli phee, mmene unali usanakhalirepo kwa zaka zambiri. Makiyi anali patebulo, pambali pake pali envulopu.

"Bwana, ndinalakwa," anatero mofatsa. "Ndikawapepesa mayiwo lero lomwe."

Mwini sukulu anawayang'ana modabwa. "Mukanamalankhula chonchi miyezi yapitayi, achimwene, bwenzi tili limodzi. Koma ndinanena kuti sindibwereza."

Analandira kalata yowachotsa ntchitoyo ali odekha, ndipo chimenechi ndicho chinawapweteka kwambiri. Mankhwala anali aulere, anali nawo tsiku lililonse, koma anawamwa ntchito itatha kale.

Kunyumba anavula wotchi ija n'kuiika pamiyendo pa akazi awo.

"Mayi, adokotala aja sananame, kuyenda kumachiritsadi. Funsani achimwene anuwa. Ndi amene akhala akundimwera mankhwala miyezi itatu yonseyi."

Mlamu anazemba mwakachetechete kulowera kukhitchini. Mayi anayang'ana foni yawo, anayang'ana mwamuna wawo, anayang'ananso kalata, osadziwa kuti aseke kapena alire.

A Buleki anadziwa mochedwa kuti thukuta la mnzako silitsitsa mtima wako. Paja akuluakulu anati, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.