Zigubu za M'chigwembe

Pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi malire a Mwanza panafika mphunzitsi wa jogalafe, a Kinsley. Anachokera ku Blantyre ndi mwana wawo Tiyese wa fomu folo, ndipo mwezi usanathe anali atayambitsa kalabu ya zachilengedwe. Kunena zoona, munthuyu anali waluso. Matayala akutha anasanduka mipando, mabotolo a pulasitiki anasanduka mofesera mitengo. Vuto linali limodzi: makutu awo ntchito yake inali kukolekapo magalasi basi.

Tsiku lina akutola mapulasitiki ndi ana a kalabu, anafika pachigwembe china kumunsi kwa msewu wa malole. M'menemo munali zigubu zabuluu zisanu ndi chimodzi, zotsekera zili pomwepo, zopanda ndi mng'alu womwe. Malowo anali zii. Kumtunda nyenje zinkalira, koma m'chigwembemo munalibe ngakhale ntchentche. Udzu unamera n'kulekeza patali ngati wina anaulembera malire, ndipo padothi loyeralo panali abuluzi ouma, mimba zili m'mwamba. Ana onse anakakamira kumtunda. A Kinsley anatsika okha, akuwaseka.

Atafika nazo kusukulu anakumana ndi a Bartolomeu, bambo wosamalira pabwalo, amene anabwera kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo. Mkuluyo atangoziona anabwerera m'mbuyo.

"Aphunzitsi, kuno chigubu sititaya," anatero. "Chikabooka timamata, chikang'ambika timamwetseramo nkhuku. Ndiye zigubu zabwinobwino zigone zaka ziwiri pamalo podutsa anthu, inu osadabwa? Kwathu nthawi ya nkhondo ukaona wailesi kapena nsapato zatsopano zili panjira, umalambalala. Pansi pake pamakhala bomba. Tayambani mwafunsa eni mudzi."

"Madala, nkhondo inatha kalekale," anayankha a Kinsley. "Izi ndi zinyalala, ndipo ine ntchito yanga ndi kuzipatsa moyo wachiwiri. Mantha amenewa ndi omwe ndabwera kudzathetsa."

Sanafunse munthu. Anazitsuka ndi sopo katatu, zinayi n'kuziika kunazale zothirira mbande, ziwiri n'kuzidzaza madzi akumwa a ana a fomu folo owerenga masana. Pamene anataya madzi otsukirawo, m'mawa mwake nyerere zinapezeka zitafera pamzere, iliyonse ndi katundu wake kukamwa. Nkhuku ya aphunzitsi aakulu inafera pomwepo, a Kinsley anati ndi chitopa. Mbande zitayamba kufota anati ndi dzuwa. Munthu akafuna kusaona, masana amakhala mdima.

Ana sankamwa madziwo. Ankabwera ndi timabotolo tawo, ndipo akamadutsa pazigubupo ankatsitsa mawu ngati akudutsa pamanda. Zimenezi zinamupweteka Tiyese, chifukwa ankawakonda bambo ake ndipo sankafuna kuti azisekedwa. Masana ena a mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anatenga kapu pamaso pa anzake.

"Bambo anga si opusa," anatero. Anamwa, n'kutunganso. Anati madziwo anali ndi kafungo ngati ka adyo, koma tsiku lotsatira anamwanso.

Tsiku lachitatu, ali m'kalasi, cholembera chinamugwa m'manja. Thukuta linali kamukamu, dovu likutuluka mosalekeza, miyendo ikugwedezeka yokha. A Kinsley atathamangirako n'kumutukula mutu, anaona kuti timadontho takuda ta m'maso mwake tachepa ngati nsonga ya singano. Mwanayo ankawayang'ana koma osawaona. Mantha amene anawagwira tsikulo sanawaonepo chibadwire.

Anamutengera kuchipatala panjinga yamoto. Namwino atamva za zigubu anagwira pakamwa.

"Za m'chigwembe zija? Bambo, ngakhale mwana wa sitandade wani akudziwa. Lole ina inagubuduzika pamenepo itanyamula mankhwala ophera tizilombo m'munda, mbuzi za anthu zinatha. Mankhwala amenewo amalowerera m'pulasitiki, sopo sachotsa. Simunafunse?"



Tiyese anapulumuka, koma dzanja lake lamanja silinasiye kunjenjemera. Mayeso atafika, anzake analemba iye ali pakhomo, akuphunzira kugwira cholembera ndi dzanja lamanzere. Sanawadzudzule bambo ake ngakhale tsiku limodzi, ndipo chimenecho ndicho chinawawawa koposa.

A Kinsley akuphunzitsabe pasukulu pomwepo. M'mawa uliwonse amamumangira mwana wawo wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu mabatani a malaya, popeza zala zake zimaphonya. Anthu a m'deralo sawanyoza, poti chilango anachilandira kale. Koma mlendo akafika ndi nzeru zake zodzaza thumba, amamufotokozera nkhaniyi modekha, n'kumukumbutsa kuti safunsa anadya phula.