Chimakina Chomwe Chinamira M'dambo

Panali anyamata atatu m'masiku amene dziko linalandidwa ndi makina ochokera kunyenyezi. Makinawo anali aatali kuposa mibawa, ndipo ankagwira anthu n'kumawakumbitsa miyala mpaka kufa. Makinawo atafika pamudzi pawo, anyamatawo anathawa kulowera kumapiri, kumene ankamva kuti kuli anthu osagonja.

Wamkulu anali Sautso, m'busa wa ng'ombe amene sukulu anailekezera panjira. Atatuwo anayenda masiku anayi akudya masuku ndi chinangwa chachiwisi. Tsiku lachisanu Kafere, wamng'ono mwa onse, analasidwa ndi chitsa kuphazi. Dzuwa lili paliwombo, nthaka inayamba kunjenjemera. Chimakina chimodzi chinali chitawalondola.

"Ndisiyeni, thawani," anatero Kafere.

"Lowani m'bangomu nonse awiri," Sautso anayankha. "Musatuluke mpaka ndikuitaneni."

Iye anatulukira poyera, navula malaya n'kuwakupiza m'mwamba. Chimakina chinatembenuka, chinalankhula ndi mawu ngati a munthu: "Gwada, sufa."

Koma Sautso sanagwade. Anathamangira kudambo lobiriwira lomwe linali kumunsi. Dambolo anali asanalipondepo, koma mtundu wa udzu wake anauzindikira, pakuti thope lobisala pansi pa udzu wotero linamudyerapo ng'ombe ziwiri kwawo. Ankadumpha kuchoka pachitsinde china kufika pachinzake, osaponda pakati.

Chimakinacho, poyang'ana chili m'mwamba, chinangoona bwalo losalala. Chinaponda kamodzi, kawiri, kachitatu mwendo unatitimira. Poti chiuzule, unzake unalowa. Sautso anaima kutsidya, ali wefuwefu, akuonerera thope likumeza chitsulo chomwe chinagwetsa mizinda. Kenaka anabwerera, nabereka Kafere kumsana, ndipo atatuwo anapitiriza ulendo wa kumapiri.

Ana inu, makina aja anayeza dziko lonse ali m'mwamba, koma nthaka yake sanaidziwe monga aidziwira woiponda tsiku ndi tsiku. Zimene mwaphunzira kubusa, kumunda ndi kumtsinje musachite nazo manyazi. Wamphamvu akadzakuuzani kuti mugwade, mudzakumbukire kuti nthaka mwaimapoyo imakudziwani inu, iye siimudziwa.